Utembenuzeni Kaye Mpandowo

Pa tauni yaing'ono iliyonse, kaya ndi pa Balaka, pa Luchenza, pa Mponela kapena pa Ntcheu, mukapatuka pamseu waukulu n'kulowera chakuseri kwa msika, simulephera kupeza kasitolo kamene achinyamata ambiri amangokadutsa osacheuka. Pakhonde pake pamakhala mipando yosafanana, bedi lachitsulo loimika kukhoma, mafelemu a njinga ndi mbaula zadzimbiri. M'kati mumakhala kamdima ndi fungo la fumbi losakanikirana ndi girisi, ndipo pashelefu mumapeza simbi ya makala itatsamira wailesi yosalankhula, pambali pake mulu wa mabuku othothoka zikuto. Mwini wake kawirikawiri amakhala munthu wachikulire wosathamangira kasitomala. Ana anga, muzilowamo m'malo oterewa, ngakhale tsiku limene m'thumba mwauma. M'sitolo ya katundu watsopano muli ambiri okuonerani: katoni yowala, chithunzi cha pakatonipo, dzina la kampani, ndi mnyamata wa pa foni amene walipidwa kuti atamande. M'sitolo ya zakale onsewa mulibe. Mumatsala awiriwiri, inu ndi chinthucho, ndipo mukapanda kugwiritsa ntchito maso ndi zala zanu palibe wina wokuchitirani. Chimene munthu amatola mmenemo ndi luso loyeza ntchito imene yatsala m'chinthu. Wopanda luso limeneli amaluza kawiri, pogula za ena ndi pogulitsa zake.

Tiyambe ndi mpando, poti ndiwo umakuchingamirani pakhomo. Wosadziwa amauyang'ana pamwamba pamene pali vanishi, amakhalapo pang'ono, n'kufunsa mtengo. Wodziwa amautembenuza miyendo m'mwamba, chifukwa kunsi n'kumene mmisiri sapakako utoto ndipo wogulitsa sakumbukira kupukutako. Kunsiko mumaona ngati miyendo inalowetsedwa m'mabowo osemedwa bwino kapena inangokhomeredwa ndi misomali iwiri. Mumaonanso ngati ndi thabwa lenileni la mlombwa kapena mbawa, kapena ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu umene umafufuma ukangonyowa kamodzi. Mukagogoda n'kuona kaufa kakugwa m'timabowo ting'onoting'ono, dziwani kuti anankafumbwe anayamba kale kudya, ndipo mukaulowetsa m'nyumba mwawapatsa mipando yanu ina yonse. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, anatero akale, koma m'sitolo zimenezi mwambiwu umayendanso chobwerera, pakuti chinthu chosaoneka bwino chimatha kukhala chamoyo m'kati. Kabati yakuda ndi utsi wa kukhitchini ikhoza kukhala ya mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe sichiulawa. Mukapala pang'ono ndi chikhadabo pamalo obisika, fungo lake limatulukabe ngakhale papita zaka makumimakumi. Mtengo umenewu unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma lero ikuluikulu ya m'phirimo inatha ndi macheka ndi moto. Matabwa otere simungakawaitanitsenso mwachilungamo kwa kalipentala aliyense. Otsala ndi omwe ali kale m'makabati, m'zitseko ndi m'mabokosi akale.

Kenaka pitani pa makina osokera akuda aja amene ali pakona. Kampani ya Singer inayamba ku America mu 1851, ndipo makina ake ambiri amene anafalikira m'maiko olamulidwa ndi Britain ankapangidwa pa fakitale ya ku Clydebank, ku Scotland. Chilembo K chotsatira nambala ya mtundu wa makina, monga 15K, chimanena za fakitale imeneyo, yomwe inatsekedwa mu 1980. Ndiye kuti makina otere, ngati ndi enieni, apitirira zaka 40, komabe ambiri akusokabe mayunifolomu pamakonde a masitolo. Chinsinsi chake si chamatsenga. Makinawa amatseguka ndi sikuludiraiva wamba, kachitsulo kalikonse kamachoka pakokha, ndipo singano, bobini ndi lamba wake zimapezeka pamsika, mwa zina chifukwa makina a ku China monga Butterfly anatengera kapangidwe komweko. Njinga za Humber, Raleigh, Phoenix ndi Hero zinakhalitsa pa chifukwa chofananacho: mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango, wokhala ndi masipanala atatu ndi pampu, amatha kuiphwasula yonse n'kuibwezeretsa dzuwa lisanapendeke. Choncho funso loyamba pa chinthu chilichonse chachitsulo likhale ili: chikawonongeka, ndani angachikonze pa tauni pano, ndipo sipeya wake akupezeka kuti? Zungulitsani gudumu la makinawo ndi dzanja, mvetserani ngati likuyenda mosalala kapena likugogoda, pemphani kansalu musokepo mzere umodzi, ndipo muutembenuze muone ulusi wakunsi.

Wina mwa inu anena kuti awa ndi mawu a nkhalamba zolira dzulo, zimene zimaona ngati chilichonse cha m'nthawi yawo chinali cholimba. Wotsutsayu ali ndi mfundo. Kale kunalinso mipando yogwedera, mawotchi oima pakatha mwezi, ndi nsapato zosomphoka mvula yoyamba. Koma zimenezo zinatha kalekale, zinasanduka nkhuni ndi dzimbiri, ndipo n'chifukwa chake simuzipeza pashelefu. Nthawi yapeta kale, madeya auluka, ndipo chimene chafika m'sitolo patapita zaka 50 chaonetsa umboni umene chinthu cha m'katoni sichinaonetsebe. Apa ndipo pathera ulemu wa ukale. Pali katundu wina amene zaka zimamudya mosaoneka, ndipo wogula wanzeru amamuopa. Batire ya foni kapena ya sola imafooka m'kati pamene kunja ili yosalala. Firiji yakale imatha kuzizira bwino tsiku loyesa koma n'kumamwa mayunitsi a magetsi ngati ng'ombe yaludzu. Matiresi amabisa nsikidzi m'misoko. Chipewa cha njinga yamoto chimene chinagwapo pangozi chimakhala ndi mng'alu wosaoneka, ndipo mudzaudziwa tsiku limene mutu wanu ukuchifuna. Tayala la galimoto lili ndi tsiku lobadwa pambali pake: manambala anayi omaliza pamzere umene umayamba ndi zilembo DOT amanena sabata ndi chaka, moti 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mphira umakalamba ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Muyeso ndi umodzi pa zonsezi, ntchito yotsala, ndipo umakuuzani kuti mtondo wa zaka 30 ugulidwe koma batire ya zaka zitatu isiyidwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolowa mothamanga amagula chimene chaikidwa kutsogolo, chomwe ndi chimene wogulitsa akufuna chichoke msanga. Perekani moni kwa bambo kapena mayi a sitoloyo monga mwa ulemu, pemphani chilolezo musanagwire, ndipo funsani kumene chinthucho chinachokera ndi chimene chinavuta. Ambiri mwa anthu amenewa amadziwa katundu wawo kuposa mnyamata wa m'sitolo yaikulu amene amangowerenga zolembedwa pakatoni, ndipo safunsa anadya phula. Kunenerera n'kololedwa, ndi mwambo wa malonda athu, koma kunyoza katundu wa munthu kuti atsitse mtengo ndi khalidwe la wopanda mwambo, ndiponso kumakutsekerani khomo la mawa. Powerengera, onjezani ndalama yokonzetsa ndi yonyamulira pa mtengo umene mwauzidwa, kenaka muyerekeze ndi chatsopano. Ndipo chenjerani ndi msampha wa kutchipa. Kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera moti chilichonse cha m'sitolo ya zakale chimaoneka ngati mwayi wosayenera kuuphonya. Koma chinthu chimene simukuchifuna, ngakhale achitsitse motani, chakudyerani ndalama ya ndiwo, ndipo chidzangosamuka pakona ya sitolo n'kukakhala pakona ya chipinda chanu.

Tsono pali nkhani ya manyazi, imene sindiiona kulemera kwenikweni. Kaunjika amavalidwa ndi aphunzitsi, azibusa ndi mabwana a m'maofesi, kungoti ena amatuma mwana kukasankha. Anzathu a ku Zambia amati salaula, a ku Tanzania ndi Kenya amati mitumba, ndipo palibe mwa iwo amene anachepa ulemu chifukwa cha jekete la m'belo. Cholemererapo ndi mantha a katundu wa akufa. A ku Ghana anafika potcha zovalazi obroni wawu, kutanthauza kuti mzungu wamwalira, poganiza kuti munthu wamoyo sangataye malaya abwino chotero. Zoona zake n'zakuti zambiri zimachokera kwa anthu amoyo amene atopa nazo, amazipereka ku mabungwe achifundo, ndipo kumeneko zimasankhidwa, kupanikizidwa m'mabelo n'kugulitsidwa kwa amalonda. Komanso ife eni ake, kodi sitigawana zovala ndi ziwiya za malemu mwambo wa maliro ukatha? Jekete la malume timalivala monyadira. Chimene chovala cha m'kaunjika chimafuna ndi sopo, dzuwa ndi simbi yotentha. Zovala zam'kati zokha ndiye gulani zatsopano.

Chitsutso chimene chimandiimitsa ndi china: chakuti kukonda zogwirako kale ntchito kunapha mafakitale athu. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito mu Blantyre mu 1967, inalemba anthu zikwizikwi ndipo inkagula thonje la alimi a kuchigwa cha Shire ndi ku Balaka, koma pofika mu 2003 inali itafooka mpaka boma linaigulitsa. Mabelo anali chimodzi mwa zimene zinaifooketsa, pamodzi ndi nsalu zatsopano zotchipa za ku Asia ndi makina okalamba. Izi sindikana. Maiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 2016 zothetsa pang'onopang'ono kuitanitsa zovala zotere, ndipo Rwanda itaumirira pokweza msonkho, America inaichotsera mu 2018 mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Izi zikuonetsa kuti nkhani ya mabelo ndi ya maboma ndi misonkho, ndipo singathe poti mtsikana wa pa Mponela wadzimana siketi. Koma siyanitsani zinthu ziwiri. Belo limachokera kunja ndipo limalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Mpando, njinga, makina osokera ndi mphika wachitsulo za m'kasitolo kathu kaja zili kale m'dziko muno, zinalipiridwa kalekale, ndipo zikasintha manja ndalama imazungulira pa tauni pomwepo. Imafika kwa kalipentala wolimbitsa mwendo, kwa wowotcherera, kwa telala wochepetsa jekete, kwa mkulu wokonza mawotchi pakhonde la positi ofesi. Amene akufunadi kutukula amisiri akwathu ayambe ndi kuwapatsa chokonza.

Za katundu wakuba ndiye musazitenge mopepuka. Si sitolo iliyonse imene ili yoyera, ndipo malamulo a dziko lino amalanga wolandira katundu amene akudziwa, kapena ali ndi chifukwa choganizira, kuti ndi wobedwa. Mawu akuti "ndinangogula" sakutulutsani m'chitokosi. Zizindikiro zake sizivuta: mtengo wotsika mopanda nzeru, wogulitsa wofulumira amene akufuna mukambirane kuseri, nambala ya felemu ya njinga yopalidwa, foni imene mwini wake sakudziwa kuitsegula. Pa foni imbani *#06# muone nambala yake ya IMEI, muiyerekeze ndi ya pakatoni kapena palisiti ngati zilipo. Pa katundu wa ndalama zambiri lemberanani kapepala kokhala ndi dzina la wogulitsa, tsiku ndi mboni. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi pempho limeneli. Ndipo mukaona chibangili kapena kachosema ka mnyanga wa njovu, ngakhale akuuzeni kuti n'ka m'nthawi ya atsamunda, bwezani manja kumbuyo. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ya minyanga imatha kumufikitsa munthu ku zaka 30 m'ndende.

Maso akazolowera kuyeza, amayamba kuona chinanso: mashelefu amenewa asunga mbiri imene mabuku a kusukulu anangoikhudza pamwamba. Bokosi lachitsulo lopakidwa maluwa, lokhala ndi dzina ndi mudzi zolembedwa ndi penti, nthawi zambiri linabwera ndi munthu wochokera ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. Ulendo umenewo unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo unayambanso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la TEBA. M'kambale ka ndalama zakale mupezamo kobiri lobowola pakati, lojambulidwa njovu, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndiponso masheleni a Malawi amene analowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala mu 1971. Wailesi ya Nzeru ikukumbutsani kuti mawailesi ankalumikizidwa mu Blantyre momwemu. Pamulu wa mabuku mukhoza kutulukira Nthondo wa Samuel Josia Nthara, amene anasindikizidwa koyamba mu 1933, kapena Buku Lopatulika lakale, lomasuliridwa lonse pofika 1922, lokhala ndi mayina ndi masiku obadwira a banja lina patsamba loyamba. Zoterezi mtengo wake pamsika ndi wochepa, ndipo ndikunena dala chifukwa pali mphekesera zimene zapusitsa ambiri, zakuti simbi yakale yokhala ndi tambala pamwamba, kapena ndalama ya Ajeremani, ili ndi chuma chobisika chimene azungu akuchigula ndi mamiliyoni. Ku Saudi Arabia mu 2009 anthu anathamangira kugula makina akale a Singer pamitengo yamisala atamva kuti muli mankhwala otchedwa red mercury, chinthu chimene kulibe n'komwe. Wokuuzani kuti perekani kaye ndalama yoyezetsera simbi yanu ndiye amene wapeza chuma, ndipo chumacho ndi inuyo.

Tsono dzifunseni kuti zinthu zimenezi zinafika bwanji pashelefupo. Zinatuluka m'nyumba ngati yanu. Zina zinagulitsidwa m'chaka cha njala, zina pofuna fizi, koma zambiri zinatulutsidwa ndi adzukulu amene anaona ngati akusesa zinyalala maliro a agogo atangotha. Apa ndipo pali kuluza kwachiwiri kuja. Amalonda ena amayenda m'midzi kufunafuna makasu osula pamanja, mikanda yakale, mitsamiro yosema, ng'oma, nsupa ndi zigoba za gule, n'kupereka ndalama ya sopo pa chinthu chimene chikathere m'nyumba ya mlendo kutsidya kwa nyanja, kopanda wodziwa dzina la amene anachisema. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo si katundu woti mnyamata mmodzi angagulitse payekha. Dziko lino lilinso ndi lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana, limene sililola kutulutsa zotere m'dziko popanda chilolezo. Banja limene lalephera kusunga chinthu chotere lili ndi kopita: nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ku Kungoni pa Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kwa ogula ndinenenso kuti zosema zambiri "zakale" za m'mphepete mwa mseu zinasemedwa mwezi watha, n'kufukizidwa utsi ndi kukwiriridwa m'dothi masiku angapo. Zigulidwe monga ntchito ya mmisiri wa lero, imene ili ndi ulemu wake, pamtengo wa lero.

Mudzati njala sidziwa mbiri, ndipo mwana wodwala sangachire ndi bokosi la agogo. N'zoona, ndipo palibe woyenera kuweruza banja limene lagulitsa pofuna kupulumutsa moyo. Koma ngakhale pamavuto pali choyamba kugulitsa ndi chomaliza. Wailesi yakanema igulitsidwe makina osokera asanagulitsidwe, chifukwa makina amabala ndalama mawa, monga mmene mlimi amagulitsira nkhuku n'kusiya mbewu. Chinthu chimene mungadzachigulenso pamsika chitsogole, chimene sichidzapezekanso chitsalire. Ndipo ngati chafika pogulitsidwa, munthu amene wazolowera kuyenda m'sitolo ya zakale amadziwa mtengo wake weniweni, sapereka kabati ya mkungudza pamtengo wa nkhuni. Amadziwanso kutsegula bokosi asanalipereke, kuchotsamo makalata, zithunzi, makadi a ubatizo ndi mapepala a munda, zimene kwa wogula ndi zoyatsira mbaula koma kwa banja zikhoza kudzathetsa mlandu wa malire pabwalo la amfumu.

Choncho Loweruka likubwerali, musanapite ku mpira, patukirani kuseri kwa msika, mupereke moni, mutembenuze mpando umodzi ndi kuzungulitsa gudumu la makina amodzi, ngakhale musagule kanthu. Mukabwerera kunyumba, kokani bokosi lija lili kunsi kwa bedi la agogo iwo akadali moyo, muwafunse amene analibweretsa, kumene linachokera ndi chaka chake. Zimene akuuzenizo mulembe papepala, mulimate m'kati mwa chivundikiro.